Makutu a Yotamu

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu ndazilumpha dala. Ndinaweta mbuzi, ndinaphunzira kuwerenga kusukulu ya mishoni, ndinabatizidwa, basi. Mutu uno ndi wa zaka zanga za mumgodi ku Bindura, ndipo ndi umene ndakhala ndikuuzengereza chiyambire kulemba. Mumandifunsa chifukwa chimene ine, munthu amene ndinakhalapo mkulu wa mpingo, ndimakhalira pabenchi yakumbuyo kuno ku Wadzanai ku Shamva, ndipo ndimakuyankhani kuti ndi miyendo. Ndakhala ndikukunamizani, miyendo yanga ilibe mlandu.

1936

Ndinafika ku Bindura wapansi, mapazi atang'ambika, m'thumba muli chitupa ndi kalata ya mpingo yokulunga m'kansalu. Amayi anga anandiuza kuti ndikataya chilichonse panjira nditaye, koma kalatayo ayi, chifukwa munthu wopanda kalata kuchilendo amaikidwa ngati galu. Ntchito yoyamba inali ya malayisha, kupakira miyala m'ngolo ndi fosholo. Ntchito imeneyo safunsa nzeru, amangoona msana.

M'gulu lathu munali Yotamu Phiri wa ku Dedza, wamkulu kwa ine, amene ankaboola mwala ndi makina. Anali munthu wanthabwala ndipo ankalankhula mokuwa ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Poyamba ndinkayesa ndi mwano, kenako ndinadziwa kuti makinawo anali atamudya makutu. Tsiku lina tikupakira ndinamva kaphokoso kakang'ono kudenga, ngati munthu akuthyola kamtengo kouma. Ndinataya fosholo n'kumukoka Yotamu lamba, ndipo tisanapite patali mwala waukulu ngati chitseko unagwera pamene anaima. Anauyang'ana mwalawo, n'kundiyang'ana ine.

"Iwe mphwanga, wauona kapena waumva?"

"Ndaumva, achimwene."

"Wati chiyani?"

"Ndati ndaumva."

Tsiku lomwelo anapita kwa mzungu woyang'anira gulu lathu, amene tinkamutcha Mandevu, kukandipempha kuti ndizigwira naye. Mandevu anandiyang'ana ngati akugula mbuzi, n'kuuza Yotamu m'chilankhulo cha mumgodi kuti, "Mushe, tata yena," kutanthauza kuti chabwino, mtenge. Umu ndi mmene ndinasiyira fosholo.

Ndikufotokozereni ntchitoyo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Akaphulitsa mwala, munthu salowa m'malomo asanagogode denga. Mwala wolimba umalira ngati khasu, koma umene wayamba kulekana ndi unzake umayankha mogontha ngati mphika wong'aluka. Pakati pa ziwirizi pali kaliridwe kena kamene sindingathe kukalemba, ndipo ndi kamene kamapha anthu. Mgodi unkapereka chitsulo chachitali chogogodera, koma ine ndinali ndi kahamala kanga kamene ndinakaikira ndekha mpini wa mtengo wa mupani. Makina akamalira ndinkagwira sipanala ndi paipi ya madzi, dzanja lina lili pamwala. Pakapita kanthawi ndinkamuimitsa Yotamu kuti ndimvetsere, ndipo ndikamukoka lamba ankasiya zonse osafunsa. M'komboni monse ankanditcha Makutu a Yotamu, ndipo dzinalo ndinkalinyadira kuposa la Gidioni Mbewe limene ndinabatizidwa nalo. Tisanalowe m'keji wotsikira pansi tinkapemphera awiri, iye mokuwa mpaka anthu kumaseka.

1941

Nkhondo ya azungu inatifika kudzera m'kusowa kwa zinthu. Kabaidi wa nyali ankatipatsa wochepa, nsapato tinkazimanga ndi waya, ndipo mitengo yochirikizira denga inayamba kubwera mwa apo ndi apo. Mandevu ankafuna mwala wochuluka monga kale. Ukamuuza kuti malo awa akufunika mitengo, ankangoloza kutsogolo ndi ndodo yake. Zaka zimenezo khutu langa linagwira ntchito ya mitengo.

M'komboni tinali ndi tchalitchi chathu cha anthu a ku Nyasalande, chofolera ndi udzu. Wotitsogolera anali mlaliki Kamwendo, munthu waukhondo, wodziwa nyimbo zonse pamtima. Sindinganame, ankalalikira mpaka munthu kuiwala kuti ali kuchilendo. Koma mabenchi akutsogolo anali a makalaliki ndi akapitawo, ife a pansi tinkakhala kumbuyo ndi chifuwa chathu, ndipo ukatsokomola kwambiri pa ulaliki ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi. Chaka chimenecho ndinakwatira amayi anu, Nabanda, amene makolo awo ankagwira ntchito ya fodya ku Matepatepa. Tonse tinali ndi makalata, ndiye ukwati wathu unadalitsidwa mosavuta.

Za Yotamu zinali zina. Iye anakwatira mkazi wa Chishona wa ku Masembura, amake Tendai, ndipo analowola bwinobwino mwa mwambo wa kwawo kwa mkaziyo. Mlaliki anati ukwatiwo sungadalitsidwe, ana sangabatizidwe, ndipo Yotamu sangadye mgonero mpaka itabwera kalata yochokera ku Dedza yotsimikiza kuti sanasiye mkazi kumudzi. Ndinamulembera ine makalata opempha, chaka ndi chaka, koma yankho silinabwere. Amene ankamudziwa kumeneko mwina anali atamwalira, mwina ankangoti machona aja asiyeni. Lamulungu la mgonero Yotamu ankatuluka ndi ana aang'ono kukakhala pansi pa mtengo, bambo wamkulu wa ndevu zake. Anachita zimenezo zaka zisanu ndi chimodzi osadandaula, ndipo ankandiseka kuti, "Ukadye ndi gawo langa lomwe, mphwanga, ine ndikhuta pokuona."

1947

Chaka cha chilala kunabwera munthu wina dzina lake Sailosi, wovala mkanjo woyera, wopanda nsapato, amene ankadzitcha mneneri. Ankalalikira pansi pa mkuyu kunja kwa komboni m'Chinyanja ndi m'Chishona, ndipo ankabatiza anthu powamiza m'madzi ochepa amene anatsala mumtsinje wa Mazowe. Sankafunsa kalata. Ankati Mulungu alibe ofesi. Mawu amenewo anamulowa Yotamu ngakhale anali wogontha, ndipo Loweruka lina iye, mkazi wake ndi ana awo atatu anamizidwa onse.

Anandiitana kuti ndikaone, ndipo ndinapita. Ndinene zoona, nditaona Yotamu akutuluka m'madzi akuseka ngati mwana, mtima wanga unagwedezeka. Panalibe benchi yakutsogolo, kalaliki ndi malayisha anakhala pamchenga umodzi. Koma Sailosi atayamba kulalikira anati aliyense amene wamizidwa ndi dzanja lake, mwala wa mumgodi sungamugwere, njoka singamulume. Pamenepo khutu langa linamva mphika wong'aluka. Ine miyala ndinkaidziwa, siifunsa kumene munthu anabatizidwira. Pobwerera ndinamukuwira Yotamu m'khutu.

"Achimwene, za mwalazi mukuzikhulupirira?"

"Ine ndakhulupirira zoti ana anga ndi anthu pamaso pa Mulungu. Za mwala ndili ndi iwe."

Patapita milungu ingapo a Kamwendo anandiitanitsa kunyumba kwawo Lamulungu masana. Panali akulu a mpingo awiri, mmodzi mwa iwo kalaliki wa m'komboni amene ankagawa anthu m'magulu a ntchito. Nthawi imeneyo iwe Esitere unali wakhanda, ndipo dzina lako linali kale pa ubatizo wa mwezi wotsatira. Anandipatsa mpando ndi tiyi, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

"A Mbewe," anatero mlaliki, "tamva kuti munali ku Mazowe."

"Ndinangokaona, abambo."

"Tamvanso kuti m'mawa uliwonse mumagwada ndi munthu amene watukwana ubatizo wake. Mukamati ameni, mumavomereza pemphero la mpingo uti?"

Ndinati timangopempha kuti tituluke amoyo. Iwo anatsegula Buku n'kundiwerengera mawu onena za goli limene wokhulupirira sayenera kulisenza pamodzi ndi wosakhulupirira. Anati mpingo wagamula kuti Mkhristu asadye, asapemphere ndipo asagwire ntchito moyandikana ndi anthu a Sailosi, kuti achite manyazi abwerere.

"Abambo, munthu uja samva," ndinatero. "Ndikamusiya ine, denga adzamumvera ndani?"

"Mneneri wake wamuuza kuti mwala sungamugwere. Nanga inu mukudzitenga Mulungu? Mapanga awiri avumbwitsa, a Mbewe. Sankhani limodzi. Mukasankha la Yotamu, mgonero mwausiya, ndipo mwana wanu adikira."

Kalaliki uja anawonjeza mofatsa kuti m'nyumba ya nyali, pamwamba, mukufunika munthu wodziwa kuwerenga manambala.

Ndinayenda nayo nkhaniyo mlungu wathunthu. Amayi anu sanandikakamize, anangoti, "Inu ndinu mutu, koma mwanayu asakhale ngati ana a kwa Phiri." Ndinkaganiza za amayi anga ndi kansalu kaja. Ndinkadzifunsa kuti mlaliki amene anaphunzira Buku zaka zambiri angasochere bwanji, ine wa fosholo n'kulondola. Sailosi sindinkamukhulupirira, ndiye ndinkaona ngati njira yatsala imodzi. Sizinandifikire m'mutu kuti munthu angakane onse awiri n'kutsala ndi Mulungu. Palinso china chimene ndiyenera kuchivomera, popeza ndalonjeza kusanama m'buku lino. Chifuwa chinali chitayamba kundivuta, ndipo ntchito ya pamwamba, yopuma mphepo yabwino, ndinkaisirira. Ndinaiveka malaya a chikhulupiriro kuti ndisaione maliseche.

Lolemba m'mawa ndinamupeza Yotamu pakhomo la keji, atavula kale chisoti kuti tipemphere. Ndinkafuna kumuuza mwakachetechete, koma munthu wogontha sauzidwa chinsinsi. Ndinati, "Achimwene, andisintha ntchito." Anatchera khutu. Ndinabwereza, sanamve. Kachitatu ndinachita kukuwa, gulu lonse likumva, kuti mpingo wandiletsa kugwira naye ntchito ndipo sinditsikanso naye. Yotamu anavala chisoti chake pang'onopang'ono.

"Ndamva, mphwanga. Izi zokha ndamva."

Posowa chochita ndinatulutsa kahamala kanga n'kumupatsa, kuti amene adzalowe m'malo mwanga azikagwiritsa ntchito. Anakatembenuza m'manja, n'kuseka pang'ono.

"Hamala ilibe makutu, Gidioni. Makutu ukupita nawo."

Analowa m'keji, ine ndinapita kukaphunzira kupukuta nyali. Mwezi wotsatira iwe Esitere unabatizidwa utavala diresi loyera, ndipo a Kamwendo anandigwira chanza ndi manja awiri.

1948

M'malo mwanga kalaliki anaikamo Zuze, bambo wa ku Tete amene anabwera kuchokera kumafamu chifukwa cha chilala. Anali wamphamvu ndi womvera, koma mgodi anali asanauzolowere. Miyezi inayi ndinkapereka nyali kwa Yotamu pawindo m'mawa uliwonse. Lamulo linali loti tisalankhule ndi anthu a Sailosi, ndiye ndinkangomusankhira nyali yabwino, n'kumadzinamiza kuti ndikumusamalirabe. Iye ankailandira n'kunena mokuwa, "Zikomo, a bwana a nyali."

Linali Lachinayi, nthawi ya chakudya chamasana isanakwane, pamene belu la ngozi linalira. Madzulo ake nyali zonse zinabwerera kupatula ya nambala ya Yotamu. Ndinapempha Mandevu kuti nditsike ndi ofukula, ndipo analola chifukwa ankafuna munthu wowamvera denga. Titafika pamalopo ndinatenga chitsulo n'kugogoda mwala woyandikana ndi pamene panagwa. Ndinagogoda kamodzi kokha. Kaliridwe kake kanali kaja kapakati, kamene ndikanakamva m'mawa ndisanayatse n'komwe nyali bwino. Ndikanamukoka lamba, tikanakangana ndi Mandevu, tikanatuluka kukadya.

Zuze anapulumuka ndi mwendo wothyoka. Nditakamuona kuchipatala cha mgodi anandigwira dzanja akulira. Anati, "Ndinagogoda, abambo, monga anandionetsera. Paliponse ndinagogoda. Koma sindinkadziwa chimene ndikumvetsera."

Pamaliro panabwera mipingo yonse iwiri, osati kudzalira koma kudzaonetsana. Sailosi anati lonjezo lake silinaphonye, Yotamu ndi amene anali ndi mtima wokayika, n'chifukwa chake mwala unamupeza. Ananena zimenezo ana a malemu ali pomwepo. A Kamwendo analetsa anthu athu kuimba, tinangoima patali ngati odutsa. Lamulungu lotsatira analalikira za Yotamu osamutchula dzina, koma langa analitchula. Anandiimiritsa pakati pa tchalitchi n'kuti, "Onani munthu womvera. Akanakhala wouma mutu, bwenzi lero ali pansi pa mwala womwewo. Mulungu wam'chotsa pamoto." Anthu anavomera ameni, amayi ena analira ndi chimwemwe. Ine ndinaima pamenepo ndikudziwa kuti ndikanakhalapo sipakanafa munthu, koma ndinalandira ulemuwo n'kukhala pansi.

Mgodi unapatsa amake Tendai masiku ochepa kuti atuluke m'nyumba. Tsiku lonyamuka kubwerera ku Masembura anaima pakhomo pathu, mtolo uli pamutu, ana ali kumbuyo. Amayi anu anawayalira mphasa, koma anakana kukhala. Anatulutsa kahamala kaja, kamene ofukula anakapeza pambali pa mtembo.

"Babamunini, chinhu chenyu ichi," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti bambo aang'ono, chinthu chanu ichi. "Tengani."

"Alamu, kasungireni Tendai."

"Tendai akachite nako chiyani? Bambo ake ankati mudzabweranso. Ankati, mphwanga wangotengeka, asiyeni abatize mwana, akatha adzatsika. M'mawa uliwonse ankayang'ana ngati mwavala chisoti." Anaika hamalayo pansi chifukwa manja anga sanatambasuke. "Vanhu vekunamata, anthu opemphera inu, mwandiphunzitsa zambiri. Sarai zvakanaka, tsalani bwino."

Sindinawaonenso. Ndinamva patapita zaka kuti Tendai anakula osaponda m'tchalitchi chilichonse, ndipo sindimuimba mlandu.

1955

Patapita chaka chimodzi Yotamu atamwalira anandisankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo ndinasamukira kubenchi yakutsogolo. Sailosi anali atapita kale kumigodi ina ndi mkanjo wake, anthu ake n'kubalalika. Nkhani yanga inasanduka chuma cha a Kamwendo. Kukabwera alendo ankaifotokoza, m'kalasi la ubatizo ankaifotokoza, ndipo chaka chilichonse inkakula, mpaka ndinamva kuti ndinalota maloto ondichenjeza. Ndinadya ulemu umenewo zaka zisanu ndi chimodzi, zofanana ndi zimene Yotamu anakhala pansi pa mtengo. Ndikamagawa mkate wa mgonero ndinkangoyang'ana pansi, anthu n'kumati a Mbewe ndi odzichepetsa. Ndinkadana ndi mlalikiyo, koma kwambiri ndinkadana ndi munthu amene ankamugwedezera mutu, ndiye ineyo.

Mu 1955 kunabukanso mpingo wina m'komboni, ndipo akulu anagamula zobwezeretsa lamulo lija. A Kamwendo, atakalamba tsopano, anandipempha kuti ndichitire umboni pamaso pa mpingo kuti achinyamata aope. Pabenchi yakumbuyo ndinaona anthu a pansi, awiriawiri monga amagwirira ntchito, ena a iwo ali ndi anzawo mumpingo watsopanowo. Ndinaimirira, hamala ili m'thumba la jekete. Ndinati Mulungu sanandichotse pamoto, ndinachoka ndekha chifukwa cha mantha ndi dyera. Ndinafotokoza za kugogoda kamodzi kuja. Ndinawauza kuti aliyense amene ali ndi mnzake pansi asamusiye, ngakhale atalamula ndani.

"A Mbewe, khalani pansi," anatero mlaliki. "Mwadwala."

"Ndikhala, abambo, koma osati apa."

Ndinapita kubenchi yakumbuyo, ndipo anthu a pansi anasendera n'kundipatsa malo. Ukulu anandichotsa mlungu womwewo, mgonero anandiimitsa chaka chathunthu, ndipo kalaliki anaonetsetsa kuti ntchito ya nyali ndaisiya. Ndinamalizira zaka zanga ku Shamva, ndikuphunzitsa obwera kumene kumvetsera mwala. Musaganize kuti ndikudzitama ndi zimenezi. Mawu amene ndinanena tsiku limenelo anali oyenera kunenedwa m'nyumba ya a Kamwendo, tiyi asanazizire, ndipo ndinachedwa nawo zaka zisanu ndi zitatu.

Mulungu sindinamusiye, ndipo tchalitchi ndimapitabe monga mukuonera. Sindikuuzani mpingo woti mutsate, poti pano mwabalalika kale, wina uku wina uko, aliyense ndi m'busa wake amene amati ndi yekhayo wolondola. Ndingokupemphani kuti munthu akakuuzani m'dzina la Mulungu kuti musiye amene moyo wake uli m'manja mwanu, muyambe mwagogoda musanaime pansi pa mawu akewo. Iwe Esitere, nkhaniyi usaisenze. Unali khanda, ndipo ndinabisala kumbuyo kwako.

Hamala ija ndi imene mumakhomera misomali ya khola la nkhuku. Ndikadzafa mudzafunefune Tendai ku Masembura kapena ana ake, mudzawapatse pamodzi ndi masamba awa. Pamaliro anga pakadzaimirira wina wokalamba n'kukumbutsa kuti a Mbewe Mulungu anawapulumutsa ku mwala chifukwa cha kumvera, mmodzi wa inu adzaimirire amukonze, ngakhale pakhale pamanda. Yotamu Phiri sanafe chifukwa cha madzi a ku Mazowe, ndipo sanafe chifukwa cha mtima wokayika. Anafa chifukwa tsiku limenelo makutu ake anali pamwamba, akupukuta nyali.